Rodi yoponyera tinyambo topepuka: amene munawedzapo trout ndithandizeni

Wa ku Matawale:
Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Loweruka lapitali tinakwera phiri la Zomba ndi mnzanga wa kuntchito, tinanyamuka kusanache, pofika ku Mulunguzi nkhungu ili tolo, zala zochita kuuma ndi kuzizira. Ine ndinatenga rodi yanga yomwe ndimawedzera milamba ku Chilwa ija, yaitali, yolimba bwino, twaini wake wokhuthala. Mnzangayo anandibwereka kasipina, kanyambo kachitsulo kokhala ndi kasupuni kozungulira m'madzi, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Amwene ndinavutika. Ndikaponya kamangogwera pafupi pompa, mwina mamita 5 basi, twaini akutuluka wopotanapotana ngati sipuling'i, pomwe iye ndi karodi kake kowonda akungogwedeza dzanja pang'ono kasipina n'kukatera tsidya, pansi pa nthambi penipeni. Anagwira trout ziwiri, ine olo imodzi. Koma nsomba ija nditaiona pafupi, mzere wofiirira m'nthitimu, timadontho takuda thupi lonse mpaka kuchipsepse, mtima wanga watsala kumeneko. Nde mlamu wanga ali ku Joni, ali pagulu pomwe pano, akubwera Disembala ndipo wati andigulira. Funso ndi loti agule yotani? Kutalika kwake, kulimba kwake, ndi riilo yomwe, kachipangizo kopukusira twaini kaja. Ndalama ndi yochepa sindikufuna kugula kawiri.

Mlamu wa ku Joni:
Ndilipo alamu. Ndinalowa kale m'shopu ina Lamlungu koma ndinangozunguzika mutu, marodi ali ndandanda khoma lonse, ina yalembedwa UL ina L ina ML, manambala ali mbwee. Amene mukudziwa lankhulani ine ntchito yanga ndi kunyamula

Madala a ku Chawe:
Mphwanga, dzanja lako lilibe vuto, usadandaule. Vuto ndi loti unapatsa rodi katundu yemwe siingamumve. Rodi imagwira ntchito ngati legeni. Kuti iponye imayenera iyambe yapindika, ndipo chomwe chimaipinditsa ndi kulemera kwa nyamboyo pamene ukukweza dzanja. Ikamawongoka m'pamene imatumiza nyambo kutali. Tsono tenga legeni ya mphira wolimba uikemo kambewu ka mapira, kapita kuti? Rodi yako ya milamba mwina inapangidwira magalamu 20 kapena 40, iwe waipatsa magalamu 2, siinamve n'komwe kuti pali kanthu, nde unkangoponya ndi mphamvu ya phewa basi.

Chinthu choyamba kuyang'ana si dzina la kampani ayi. Uyang'ane pamwamba pa chogwirira, pathupi pa rodi, pamakhala timalemba ting'onoting'ono. Pamalembedwa kutalika, kulemera kwa nyambo yomwe imaponya, ndi mphamvu ya twaini. Ya ntchito yakoyi pakhale 1-7g, kapena 0.5-5g ngati ukufuna tating'ono zedi. Twaini 2-6lb, lb kutanthauza mapaundi omwe twaini angapirire asanaduke. Imeneyo ndiye UL akunena alamu akoyo, ultralight.

Mlamu wa ku Joni:
Zikomo madala. Koma zambiri zomwe ndinaona sizinalembedwe magalamu, zinali ngati 1/32 - 1/4 oz, zimenezo nde chani

Achemwali a ku Leeds:
Ndi ma ounce amenewo achimwene, muyeso wa ku America. Ounce imodzi ndi magalamu 28 ndi kakusefukira pang'ono. Nde sungani izi mufoni: 1/32 ndi pafupifupi galamu imodzi, 1/16 ndi 1.8, 1/8 ndi 3.5, 1/4 ndi 7. Yomwe munaona ya 1/32 - 1/4 ndi yomweyo madala akunena ya 1-7g, ndi chinthu chimodzi.

Ndionjezepo kanthu komwe ine ndinaphunzira mochedwa. Rodi imaponya bwino kwambiri pakati pa manambala awiriwo, osati kumapeto. Ngati tinyambo tanu tambiri ndi ta magalamu 2 mpaka 4, ya 1-7g ili bwino. Koma mukagula yolembedwa 3-15g poganiza kuti 3 alipo nde zitheka, mudzapeza kuti pa 3 pomwepo ikungoyamba kudzuka, simudzasangalala nayo. Nde yambani mwadziwa tinyambo tanu kenako musankhe rodi, osati kuyamba rodi.

Wa ku Matawale:
Achemwali kamene anandibwereka kanali Mepps, pa kasupuni kake panalembedwa 0. Ndi tomwe ndikufuna kuyambira

Achemwali a ku Leeds:
Mepps Aglia nambala 0 ndi magalamu 2.5, nambala 1 ndi 3.5. Mukadzafuna kansomba kapulasitiki kapena kamtengo, Rapala yoyandama ya masentimita 5 ndi magalamu 3. Zonsezo zili pakati penipeni pa 1-7g. Nde pamenepo tamanga, palibenso kukangana.

Madala a ku Chawe:
Pa kutalika tsono. Ine ndikuti mafiti 5 ndi theka, ikatalikitsa 6. Aliyense amene anayendapo m'mbali mwa Mulunguzi kumtunda kwa damu akudziwa mmene mulili. Mitengo yakumana pamwamba, m'mbali muli minga ya mabulosi achikasu omwe ana amagulitsa mumsewu wokwera phiri aja, miyala yoterera ndere. Malo ena mtsinje ndi wopapatiza woti mwana atha kuponya mwala tsidya atakhala pansi. Mmenemo sumaponya mokweza dzanja, umaponyera m'munsi, rodi ili chopingasa pafupi ndi madzi, ndi kadzanja kokha. Rodi ya mafiti 7 mmenemo nsonga imangokodwa m'nthambi, tsiku lonse ukhala ukumasula twaini m'masamba.

Achemwali a ku Leeds:
Bambo pamenepo mundilole nditsutseko pang'ono mwaulemu. Mumtsinje wothinana mukunena zoona. Koma achimwenewa sadzakhala mumtsinje mokha, pali damu la Mulunguzi, pali Chagwa, malo otambalala omwe nsomba imakhala patali ndi gombe makamaka dzuwa likakwera. Rodi yaifupi pamenepo imakumana ndi malire ake. Ine yanga yoyamba inali ya mafiti 5, ndinkaikonda, koma nditagwira ya 6 ndi mainchesi 6 ndinaona kusiyana, kuponya kumapita patali ndipo chinanso chomwe anthu satchula, rodi yaitali imakuthandiza kunyamula twaini pamwamba pa madzi othamanga kuti asakokedwe, nde sipina imayenda mmene ukufunira iwe osati mmene madzi akufunira. Komanso nsomba ikathawira kumizu umatha kuitembenuza mutu.

Madala a ku Chawe:
Mwanena zoona mayi, za kunyamula twainizo sindikana. Kungoti ine zaka zanga zambiri ndathera m'timitsinje, nde maganizo anga amathamangira kumeneko. Munthu wa rodi imodzi atenge mafiti 6, ndiye kuti mita imodzi ndi masentimita 83. M'nkhalango idzamuvutitsa pang'ono, padamu idzaperewera pang'ono, koma konseko adzawedza.

Wa ku Chinamwali:
Koma abale ndifunse nawo, sindikunyoza ayi. Zonsezi n'zofunikadi? Ife tinakula ndi nsungwi, twaini, mbedza ndi nyongolotsi, nsomba tinkagwira. Trout siidya nyongolotsi?

Aphunzitsi a ku Rumphi:
Imadya bwino kwambiri achimwene, ndipo vuto lili pomwepo. Nyongolotsi imaimeza mpaka m'mimba, mbedza n'kukakola m'kati, nde ngakhale ikhale yaing'ono ngati chala simungaibwezenso m'madzi ikhale moyo. Sipina imaigwira ndi pakamwa chifukwa imachita kuithamangitsa. Trout kuno kwathu si ngati matemba a ku Chilwa, ilipo malo ochepa kwambiri, pamwamba pa Zomba, pa Mulanje ndi kuno ku Nyika, komwe madzi ndi ozizira chaka chonse. Si nsomba yachikhalire, inabwera ndi azungu nthawi ya atsamunda, mtundu wa mzere wofiirawu kwawo ndi kumadzulo kwa North America. Imakondwa madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 16, akapitirira 20 imayamba kuvutika kupuma. Nde timitsinje tomwe ingakhalemo ndi towerengeka, anthu khumi a nyongolotsi atha kutha dziwe lonse mwezi umodzi.

Ndipo ndikufuna ndinene ichi ndalama isanatuluke m'thumba. Kuno ku Chelinda, m'madamu a mupaki, trout amawedza ndi fly basi, nyambo ya nthenga yooneka ngati kachirombo yoponyedwa ndi rodi yakeyake, ndipo pamafunika chilolezo. Rodi ya sipina musavutike kubwera nayo kuti mudzaponye mmenemo. Malo ambiri a trout lamulo lake ndi lotero.

Wa ku Nyanga:
Aphunzitsi anena zenizeni. Kuno ku Zimbabwe m'paki ya Nyanga n'chimodzimodzi, fly yokha. Ine UL yanga ndimaigwiritsa pamadamu a eni ake omwe amalola sipina, komanso pa nsomba zotchedwa bass zing'onozing'ono

Achemwali a ku Leeds:
Kunonso ku England uyenera kukhala ndi laisensi ya Environment Agency, bungwe la boma loona zachilengedwe, kuonjezera apo chilolezo cha eni mtsinje kapena kalabu, ndipo zigawo zambiri za mtsinje ngati Wharfe ndi za fly yokha, umachita kufufuza pomwe amalola sipina. Nyengo yakenso ili ndi malire, kuno kwathu trout ya mumtsinje timayamba kumapeto kwa Malichi kulekeza Seputembala, miyezi yotsalayo timaisiya iswane.

Madala a ku Chawe:
Mphwanga wa ku Matawale, mawu awa uwamvere. Phiri la Zomba ndi nkhalango yotetezedwa, ili m'manja mwa a zankhalango. Ife tikuyamba kuwedza pa Mulunguzi inali fly. Usadalire kuti mnzako anaponya sipina ndiye kuti paliponse mpololedwa. Upite ku ofesi yawo, ufunse momveka kuti sipina ndingaponye pati, nyengo iti, nsomba zingati zotenga. Ukapeze pepala m'manja.

Wa ku Matawale:
Ndamva madala, ndamva aphunzitsi. Lolemba ndidutsira ku ofesi ndisanapite kuntchito. Zikakhala kuti malo ena ndi a fly yokha ndilemekeza, koma rodiyi ndikuifunabe chifukwa ndimapitanso kunyanja kwa apongozi. Nde tipitirize, pali mawu ena mlamu ananditumizira pachithunzi, fast action, moderate action, zikutanthauzanji

Wa ku Nyanga:
Apa nde pagona nkhani yonse alamu, ndipo anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. UL ija ikunena mphamvu, kuti rodi imapindika ndi katundu wochepa bwanji. Action ikunena malo omwe imapindikira. Fast imapinda kunsonga kokha, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, kwinako kuli gwa. Moderate imapinda kufika pakati. Slow imapinda yonse mpaka kuchogwirira ngati bango. Nde marodi awiri onse atha kulembedwa UL 1-7g koma m'manja ndi nyama zosiyana.

Ine ndinayamba ndi fast yolimba ndi braid, twaini wolukidwa ndi timaulusi tambiri, chifukwa ndinauzidwa kuti umamva chilichonse. Kumva ndinkamvadi, olo sipina ikhudze katsamba. Koma nsomba zinkandipulumuka zambiri. Trout ikakodwa siikoka mwakachetechete ngati mlamba, imadumpha m'mwamba thupi lonse, kupukusa mutu uku ndi uku, kenako kuthamangira kwa iwe twaini n'kukhwepa. Timbedza ta sipina nambala 0 ndi tating'ono, tagwira kachikopa kochepa pamlomo. Rodi ikakhala youma, nthawi yomwe ikupukusa mutuyo twaini amakungika n'kukhwepa, kukungika n'kukhwepa, kabowo kamakula, mbedza n'kutuluka. Ndimakumbukira ina m'mawa wina, yonenepa bwino, inadumpha kachiwiri pafupi moti ndinaona madzi akuwazika kuchokera m'makha mwake, sipina inabwerera n'kudzandimenya pachifuwa. Nditasintha n'kutenga yopinda mpaka pakati zinachepa kwambiri, chifukwa rodi imakhala yopindikabe nthawi yonse, nsomba ikabwera rodi imawongoka pang'ono n'kumeza kukhwepako, ikathawa imapinda n'kumeza kugwedezako. Twaini sakhala womasuka.

Nde kwa sipina ndi tinsomba ta mbedza zitatu ine ndikuti moderate kapena moderate fast.

Achemwali a ku Leeds:
Ndikugwirizana nazo koma pakhale malire. Pali marodi ena otchipa olembedwa ultralight omwe ndi lobodolobodo ngati chingwe chonyowa. Ukaponya nsonga imapitiriza kunjenjemera nyambo itapita kale, kunjenjemerako kumamenya twaini n'kudya mtunda, ndipo kulunjika kulibe. Mumtsinje wopapatiza kulunjika ndiye zonse, kusiyana kwa chikhatho chimodzi ndi komwe kumapangitsa sipina igwere pamphuno pa nsomba kapena ikakodwe m'mizu. Alamu a ku Joni mukaigwira m'shopumo muikwapule kamodzi m'mwamba ngati mukuponya kenako muimitse dzanja. Yabwino nsonga imagwedera kamodzi kawiri n'kuima. Ikapitiriza kuvina ibwezeni pakhoma.

Fast ili ndi malo ake, ngati mukuwedza ndi tinyambo tofewa ta mbedza imodzi pa jig head, mbedza yokhala ndi kamtovu kumutu, pamenepo mumafuna kumva kukhudza ndi kukoka msanga. Koma achimwenewa akuyamba ndi sipina.

Mlamu wa ku Joni:
Chabwino. Nanga za carbon ndi fibreglass, wogulitsa uja amandikankhira ya carbon yodula

Madala a ku Chawe:
Carbon ndi yopepuka ndipo imamva bwino, koma siipirira kumenyedwa. Ukaigunditsa pamwala lero siithyoka lero, imasunga chilonda m'kati, n'kudzathyoka sabata yamawa uli ndi nsomba, iwe n'kumadabwa. Fibreglass ndi yolemerako, yofewa, koma imapirira nkhanza. Pali zosakaniza ziwirizi, monga Ugly Stik, zolemerako pang'ono m'dzanja koma zovuta kuthyola. Kwa munthu woyamba, wokwera minibasi ndi kabaza ndi rodi yake, amene ikathyoka alibe shopu yoti akagule nsonga ina mawa lake, kulimba ndi nkhani yaikulu kuposa kumva.

Ndipo marodi ang'onowa ambiri sathyoledwa ndi nsomba. Amathyoka ndi chitseko cha galimoto, kapena munthu akakodwetsa sipina pamwala n'kumakoka ndi rodi, kapena nsomba ikafika pamapazi iye n'kuimika rodi chilili kuti ainyamule, pamenepo katundu yense amapita kunsonga kowonda ngati ndodo ya machesi. Ikakodwa loza rodi molunjika komwe yakodwako, gwira twaini ndi dzanja, koka. Nsomba itenge ndi kaukonde kapena ndi dzanja lonyowa.

Wa ku Nyanga:
Ine ndingasankhe carbon ya mtengo wapakati madala, chifukwa tsiku la sipina umaponya kambirimbiri osapuma ndipo kulemera kumamveka pamkono. Koma zomwe mwanena za shopu yosowa ndi zoona, ife kuno tikuzidziwanso

Achemwali a ku Leeds:
Tisaiwale twaini, chifukwa achimwene munati ankatuluka ngati sipuling'i. Olo mutagula rodi yabwino bwanji, mukaikapo twaini wa milamba uja palibe chisinthe. Twaini wokhuthala amasunga mapindidwe a riilo, amakhula m'timphete ta rodi, ndipo kasipina ka magalamu 2.5 kalibe mphamvu yomukoka. Mono, twaini wamba wa nayiloni, wa 4lb, kukhuthala kwake cha m'ma 0.16 mpaka 0.18mm, ndiye poyambira pabwino. Riilo ikhale saizi 1000, Shimano kapena Daiwa za mtengo wotsika zimagwira bwino ntchito, chachikulu drag yake, buleki yomwe imamasula twaini nsomba ikakoka mwamphamvu, izitulutsa twaini mosalala osati modukiza. Mudzaze twaini mpaka patsale mamilimita 1 kapena 2 kuti afike pamlomo wa spool, pomwe twaini amakulungidwa. Mukadzaza theka amakhula pamlomopo kuponya n'kufupika, mukadzazitsa amatuluka mulu n'kupanga chisa.

Ndipo ngati ndalama ili yochepa, muigawe mwanzeru. Kuli bwino rodi yapakatikati ndi riilo yabwinoko kusiyana ndi rodi yodula ndi riilo ya drag yogwiragwira, pa twaini wa 4lb drag ikangokakamira kamodzi basi waduka.

Wa ku Matawale:
Nanga braid amene a ku Nyanga anatchula uja? Ndimamva anthu akumutama

Wa ku Nyanga:
Braid ndi wowonda kwambiri pa mphamvu yake nde amaponya kutali, sasunga mapindidwe, koma satamuka olo pang'ono, ndiye kugwedeza konse kwa nsomba kumafika pambedza. Amaonekanso m'madzi oyera ngati a m'phiri, nde umayenera kulumikiza fluorocarbon, twaini wosaoneka bwino m'madzi, wotalika ngati mita kutsogolo, ndiye kuti uphunzire mfundo yolumikizira, uimange ndi zala zozizira m'mawa. Akakhudza mwala wakuthwa ali wokungika amaduka msanga. Mphepo ikawomba amapanga timfundo tosamasulika. Ine pano ndimamugwiritsa padamu, koma chaka choyamba yambani ndi mono, amatamuka, amakhululuka zolakwa. Mlamu agule masipulu awiri chifukwa mono wowonda amafooka ndi dzuwa, muzisintha.

Chinanso sipina imapota twaini chifukwa imazungulira. Ikani ka swivel, kachitsulo kolumikizira kozungulira koletsa twaini kupotana, kakang'ono kwambiri masentimita 30 kapena 40 kumtunda kwa sipina, osati chachikulu chomata pamphuno pake, chimaononga kayendedwe. Ndipo mukaponya tsekani kawaya ka riilo ndi dzanja, kokani twaini akungike, kenako muyambe kupukusa.

Mnyamata wa ku Bua:
Ndakhala ndikuwerenga chamumtima, nkhaniyi yandikoka. Achimwene mwati mumapita kunyanja kwa apongozi, nde dziwani kuti rodi imeneyi siidzagona olo trout itavuta. Sanjika imagwira sipina yaing'ono ngati yopenga, azungu mpaka amaitcha lake trout ngakhale si mtundu wa trout, ndi m'bale wake wa mpasa. Ncheninso amathamangitsa kasupuni kowala, kungoti mano ake amadula twaini wowonda nde kutsogolo muziika wokhuthalako. Koma mpasa musaiyese ndi UL chonde. Mpasa yaikulu m'madzi othamanga a Bua pa twaini wa 4lb mudzalimbana nayo nthawi yaitali mpaka itatheratu mphamvu, kapena idzadula n'kupita ndi sipina pakamwa, ndipo nsomba imeneyi yachepa kale kwambiri, imakwera mitsinje kukaswana anthu n'kumaitchinga ndi maukonde pakamwa pa mtsinje. Gawo la Bua lomwe lili m'nkhalango ya Nkhotakota ndi lotetezedwa, a African Parks akuyang'anira kuyambira 2015, kumenekonso osangolowa.

Aphunzitsi a ku Rumphi:
Mfundo ya mnyamatayu ikhudzanso trout. Rodi yopepuka isakhale chifukwa choseweretsa nsomba. Mangani drag pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya twaini, ikokeni molimba mtima ifike msanga. Ngati mukuibweza, nyowetsani manja musanaigwire chifukwa thupi lake lili ndi thelere lomwe limaiteteza ku matenda, musaigoneke pamchenga kapena paudzu wouma, musalowetse zala m'makha. Tengani pulayala mufinye kandevu ka mbedza kaphwatalale, kapena chotsani mbedza zitatuzo muike imodzi. Ndi rodi yopinda bwino yomwe a ku Nyanga afotokoza simudzataya zambiri, ndipo kuchotsa mbedza kumatenga kanthawi kochepa nsomba ili m'madzi momwemo. Miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala madzi akachepa n'kufunda, ndi bwino kuzisiya kapena kupita m'mamawa kwambiri.

Madala a ku Chawe:
Ndikuuzenso kawedzedwe pang'ono mphwanga kuti rodi isadzanamiziridwe mlandu. Trout mumtsinje imaima mutu utaloza komwe madzi akuchokera, kudikira chakudya. Nde iwe uziyenda chokwera mtsinje, uifikire kumbuyo. Uponye kumtunda kapena chopingasa, upukuse mofulumirako pang'ono kuposa madzi kuti kasupuni kazungulire. Ndi rodi yoyenera umamva kuzungulirako m'dzanja, kunthunthumira kosalekeza, kukangosiya dziwa kuti pali tsamba kapena nsomba. Pali dziwe lina kumtunda komwe madzi amagwa pamwala n'kuzungulira pansi pa muzu, ndinakhalapo tsiku lina osaponya, kungoyang'ana. Nsomba inali pamalire penipeni pa madzi othamanga ndi odekha, ikungogwedeza chipsepse pang'onopang'ono, ikasuntha chikhatho chimodzi kutola kachirombo n'kubwerera pamalo pomwepo. Nditangoimirira mthunzi wanga n'kugwera pamadzi, sindinaione n'komwe kupita kwake. Nde zovala zikhale zosawala, mapazi aziponda mofatsa, ndipo kuponya koyamba padziwe ndi komwe kumagwira.

Mlamu wa ku Joni:
Madala mwandipatsa chilakolako inenso kkk. Tsono za kanyamulidwe ndinene ine. Ya chidutswa chimodzi sinditenga, chaka china ndinanyamulira munthu rodi pabasi, anaiika pansi pa katundu m'ngolo, pofika ku Mwanza titatsitsa katundu pa boda nsonga inali itathyoka pawiri ili m'nsalu yake momwemo, ndinamva chisoni kwambiri chifukwa mwini wake anadikira miyezi. Nde ikhala ya zidutswa ziwiri, ndiilowetsa mu paipi ya pulasitiki ya mipope yotseka mbali zonse, ndikulunga ndi nsalu m'kati kuti isagwedere.

Achemwali a ku Leeds:
Zidutswa ziwiri zili bwino, za masiku ano kusiyana kwake ndi ya chimodzi simungakumve. Musanalipire muilumikize, muyang'ane kuchokera kuchogwirira ngati timphete tonse tili pamzere umodzi, muigwedeze mumve ngati polumikizira pakugogoda. Tengani kathonje mudutsitse m'kamphete kalikonse makamaka ka kunsonga, thonje likakodwa ndiye kuti pali mng'alu ndipo kadzadya twaini. Muikenso riilo yomwe mukugulayo, muike chala patsogolo pa chogwirira muone ngati ikukhazikika osagwera kutsogolo. Ndipo wogulitsa agwire kunsonga inu mukweze pang'onopang'ono, muone ndi maso pomwe ikupindira.

Admin:
Nkhani iyi ndaipinira pamwamba kuti ena adzaipeze. Amene mukutumiza zotsatsa malonda pakati pa zokambiranazi ndazichotsa, Lachisanu ndi tsiku lake.

Wa ku Matawale:
Zikomo kwambiri nonse, madala, achemwali, aphunzitsi, a ku Nyanga, mphwanga wa ku Bua. Alamu lembani: mafiti 6, zidutswa ziwiri, 1-7g, yopinda kufika chapakati koma yosavina, riilo 1000, mono 4lb masipulu awiri, Mepps 0 ndi 1 zasiliva ndi zagolide, ma swivel ang'onoang'ono. Pa carbon ndi yosakaniza ija ndatsamira kwa madala, mutenge yolimbayo, ndimayenda pa kabaza. Kaukonde ndisoka ndekha kuno.

Madala a ku Chawe:
Uonjezepo sipina imodzi yakuda ya timadontho, ya tsiku lomwe dzuwa lawala ndipo madzi ali mbee. Ukabwerako ku ofesi Lolemba undiuze zomwe akuuza. Rodi ikafika tidzayambe kaye pabwalo la mpira, ndidzaika beseni pamtunda wa mamita 10, udzaponya ndi kamtovu kopanda mbedza mpaka uzigwetsera m'kati.

Mlamu wa ku Joni:
Ndalemba zonse. Loweruka ndikafika m'shopumo ndijambula timalemba ta pathupi pa rodi nditumize pano ndisanalipire, achemwali ndi madala mukhale pafupi ndi foni cha m'ma 10 koloko